Musanapope matayala a galimoto yogonamo, ikwezeni kaye pa sikelo

Eni ake ambiri a galimoto zogonamo, zija zokhala ndi bedi, khitchini ndi bafa mkati, akafuna kupopa matayala amangogwada n'kuwerenga nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala. Nambala imeneyo imangonena mpweya umene tayalalo limafuna likasenza katundu wofika pa malire ake. Chimene muyenera kudziwa inu ndi makilogalamu amene tayala lililonse lasenza pa ulendo wanuwo, ndipo zimenezo zimadziwika pa sikelo basi.

Pakirani galimoto ngati mukunyamukadi: mafuta odzadza thanki, madzi, mabotolo a gasi, zakudya, njinga, ndi anthu onse atakhala m'mipando yawo. Madzi musawaderere. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 100 ili ngati munthu wamkulu wojintcha amene wabisala phee pansi pa bedi. Mukafika pa sikelo yoyezera malole, kwezanipo mawilo akutsogolo okha, mulembe, kenako akumbuyo okha. Mukapeza poyezera wilo lililonse palokha ndiye bwino kwambiri, chifukwa galimoto zimenezi kawirikawiri zimapendekera mbali imene kuli firiji, mabatire kapena thanki.

Tiyerekeze kuti wilo lakumbuyo lakumanzere lawonetsa makilogalamu 980, lakumanja 1,060. Tengani nambala yaikuluyo, muyang'ane pa tchati cha kampani imene inapanga matayala anu, cha saizi yanu yeniyeni, muone mpweya woyenerana ndi makilogalamu 1,060. Mpweya umenewo mupope matayala onse awiri akumbuyo mofanana. Kupopa mbali imodzi kwambiri kuposa inzake kumachititsa kuti galimoto izikoka, makamaka pogwira mabuleki. Onaninso nambala yosonyeza mphamvu ya tayala: ngati palembedwa 112, tayalalo limanyamula makilogalamu 1,120, kutanthauza kuti mwangotsala ndi 60 okha. Njinga ziwiri zowonjezera zokoloweka kumbuyo zitha kudya gawo lalikulu la zimenezo, popeza katundu wolendewera kuseri kwa mawilo akumbuyo amawapanikiza kuposa kulemera kwake kwenikweni, uku akupepuza kutsogolo. Ndipo ngati sikelo yaposa malire olembedwa pa kachitsulo ka kampani yopanga galimotoyo, mpweya sungakupulumutseni. Tsitsani katundu.

Yezani matayala atazizira, m'mawa musanayende, kapena galimoto itaima maola atatu. Tayala likayenda limatentha ndipo geji imakwera. Ndaonapo anthu ataima m'mbali mwa msewu akuphwetsa matayala poganiza kuti adzadza kwambiri. Kumeneko n'kudziputira ngozi, chifukwa likazizira limapezeka kuti mpweya wachepa.

Pa zolakwika ziwiri, mpweya wochepa ndi mpweya wopitirira, wochepawo ndi umene ine ndimauopa. Tayala limapindika m'mbali nthawi iliyonse likazungulira, limatentha, nsalu ndi mawaya amkati amayamba kusiyana ndi labala, kunja likuoneka bwinobwino, mpaka tsiku lina phuu pa liwiro. Mpweya wopitirira umadya tayala pakati, umachepetsa kugwira msewu, ndipo mudzaumva mbale ndi makapu zikamalira m'kabati pa kabampu kalikonse.

Matayala ena ali ndi zilembo CP, opangidwira galimoto zogonamo zimene zimakhala zolemedwa nthawi zonse. Amenewa kumbuyo amapopedwa mpaka 5.5 bar, pafupifupi 80 psi (bar ndi psi ndi miyezo ya mpweya pa geji). Mpweya wochuluka choncho umafuna mavavu achitsulo kapena ena olimba, osati alabala aja a galimoto zing'onozing'ono, komanso geji yofika pamenepo. Geji zambiri zotchipa zimathera m'njira. Ngati kumbuyo kuli matayala awiriawiri, lamkati liyezeni ndithu ngakhale ndi lovuta kulifikira. Likaphwa silioneka, lakunja ndi limene limasenza zonse mpaka nalonso litatopa.

Mukadali chogwada choncho, werengani manambala anayi omalizira pa mzere umene umayamba ndi zilembo DOT m'mbali mwa tayala. Akakhala 2319, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Galimoto yogonamo imatha miyezi itangoima padzuwa, ndiye matayala ake amang'aluka m'mbali mapazi akadali atsopano. Likapitirira zaka zisanu, muzipita nalo kwa wodziwa matayala chaka chilichonse kuti akalione, ndipo likafika zaka khumi lichotseni.