Mmene mungalembere mayina a mayiko mu Chijapanizi

Choyamba musadzivute ndi kanji, zilembo zija zooneka ngati tinyumba. Mayina ambiri a mayiko akunja anthu a ku Japan amawalemba mu katakana, zilembo zake zikuluzikulu zilipo 46 basi ndipo pafupifupi chilichonse ndi silabo, ka ki ku ke ko, ngati tinkaimbira ku sitandade 1 muja.

Apa olankhula Chichewafe tili ndi mwayi, chifukwa nawonso mawu awo amakonda kuthera pa vawelo, mmene ife tinapindira school kukhala sukulu. Ndiye tchulani dzinalo pang'onopang'ono, muliduledule, kenako mupeze chilembo cha chidutswa chilichonse. Malawi amakhala マラウイ, ma-ra-u-i, l alibe ndiye amaika r, zomwe kwa ife si nkhani, l ndi r timasakaniza kale. Zambia ndi ザンビア, Zimbabwe ndi ジンバブエ, imayamba ndi ji chifukwa zi alibenso. Mukaona kamzere aka ー ndiye kuti kokani mawu, monga モザンビーク, Mozanbiiku.

Koma msampha uli apa, si mayina onse anachokera ku Chingerezi. Apwitikizi anafika ku Japan mu 1543 ndipo anasiya zawo, Britain mpaka lero ndi イギリス, Igirisu, Netherlands ndi オランダ, Oranda. Germany ndi ドイツ, Doitsu, mukalemba Jamani palibe angakumveni. Awa ngongoloweza basi, palibe kuchitira mwina, ifenso paja Mangalande tinaitola penapake.

China ndi South Korea zimalembedwa mu kanji, 中国 ndi 韓国. South Africa ndi yosakaniza, 南アフリカ, koyambako ndi kanji ya kummwera, amawerenga minami. Mu nyuzipepala mupezanso America atangoilemba 米国, ndipo 米 yo tanthauzo lake ndi mpunga, ine ndinaseka nditamva koyamba, koma anangotengera kamvekedwe, za mpunga palibepo.

Pa kompyuta ikani kiyibodi ya Chijapanizi, mulembe maraui kenako dinani F7, isintha yokha kukhala katakana. Mukafuna ン, chilembo cha n, dinani n kawiri. Polemba pamanja ndiye samalani ndi シ (shi) ndi ツ (tsu) komanso ソ (so) ndi ン (n), zimafanana ngati mapasa, mukapendeketsa molakwika timizereto Doitsu uja asanduka Doishi.