Kusandutsa chithunzi cha mtauni kuti chioneke ngati chopenta pamanja

Anthu ambiri amangotsegula Prisma kapena PicsArt, kudina filter imodzi basi nkuposita, ndiye chimatuluka chinthu chosungunuka, nkhope za anthu ngati phala, mawaya a magetsi ali pompo. Wopenta weniweni sajambula chilichonse chomwe chili pamsewu ayi, amasankha, zina amazisiya dala, ndipo inunso muzichita chomwecho pa foni kapena pa kompyuta.

Ntchito imayambira pojambula pomwe. Dzuwa la masana limawalitsa zonse mofanana, silithandiza. Pitani cham'ma 4 kapena 5 koloko madzulo dzuwa litapendeka, muone mmene njerwa za tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre zimafiilira, chija chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, mithunzi imalowa m'timakona tonse moti theka la ntchito latha kale musanagwire app. Mvula ikangokata thamangirani ku Victoria Avenue, tara yonyowa imabweza kuwala kwa maminibasi ndi maambulera a anthu. Chiperoni cha June ndi July nachonso nchabwino chifukwa chimafufuta phiri la Soche chokha, ndipo cha m'ma September ndi October kumakhala maluwa a jacaranda. Ngati nkhope ya munthu ikuoneka pafupi, monga amayi ogulitsa tomato ku Limbe, apempheni kaye, ndi ulemu wake umenewo.

Kenako tsegulani Snapseed, app ya pafoni yokonzera zithunzi, ndi yaulere. Yambani ndi Healing, kufufuta mawaya, mapepala otayidwa, nambala za galimoto, zikwangwani zochulukitsa. Muchite zoom kwambiri nkumadina pang'onopang'ono, mukakoka chala ulendo umodzi imakopera khoma pamwamba pa mtengo. Mukatero pitani pa Details nkutsitsa Structure kupita ku minus, apa mpamene chithunzi chimasiya kuthwa kwa kamera nkuyamba kusalala. Pa Tune Image kwezani Ambiance ndi Warmth pang'ono, Saturation musaipose, thambo likafika pobiriwira ngati pulasitiki mwalakwa kale.

Amene muli ndi laputopu, GIMP nayo ndi yaulere ndipo kwa ine imaposa ma app a pafoni kutali. Pangani Duplicate Layer kaye, kuti pakhale kopi ya chithunzi pamwamba pa choyambacho, pa leya yapamwambayo pitani Filters, Artistic, Oilify. Mukakweza mask radius mabanga a penti amakula, ndiye pa chithunzi cha msewu wodzadza anthu musaikweze kwambiri, anthu angasanduke mabala chabe. A Photoshop yanu ili pa Filter, Stylize, Oil Paint.

Tsopano apa mpofunika kwambiri, ndipo ambiri amadumpha. Ikani layer mask pa leya yopentedwa ija (pomwe mwapaka mtundu wakuda pa mask pamaonekera chithunzi chapansi), tengani burashi yofewa ya mtundu wakuda, opacity (mphamvu ya burashiyo) cham'ma 30, nkumasisita pamalo amodzi okha omwe mukufuna diso lifikire. Tinene kuti ndi wa kabaza wovala jekete yofiira akudutsa pa Clock Tower, bwezerani nkhope yake, manja pa handulo, mwina ndi tayala lakutsogolo, koma nyumba zakumbuyo ndi anthu enawo asiyeni akhale mabanga. Chithunzi chikakhala chakuthwa malo amodzi kwinako nkufewa, munthu amayamba kukhulupirira kuti panadutsa dzanja.

Pomaliza onjezerani maonekedwe a nsalu yopentapo. Mu GIMP muli Apply Canvas pa Artistic pomwepo, depth ikhale yochepa. Pa foni jambulani nsalu yoyera kapena pepala lokhakhala pafupi ndi windo, lowetsani kudzera pa Double Exposure ya Snapseed nkutsitsa opacity mpaka izingooneka mukayang'anitsitsa. Sungani kopi yatsopano osakhudza chithunzi choyambirira, ndipo ngati mukutumiza kokasindikiza pa WhatsApp tumizani ngati document, apo ayi imachifinya timizere ta burashi tonse nkutha.