Yenderani mitengo ya pakhomo mvula isanayambe

Kuno ku Chipata, Katete, Chadiza ndi Lundazi mvula yoyamba ya mu Novembala imakonda kubwera ndi mphepo yamkuntho, ndipo imapeza mango atalemera ndi zipatso. Choncho nthawi yabwino yoyendera mitengo ya pakhomo, pasukulu ndi pamsika ndi Seputembala ndi Okutobala, nthaka ikadali youma.

Ambiri amaweruza mtengo poyang'ana masamba, koma masamba amanyenga. Madzi ndi chakudya cha mtengo zimayenda m'mbali mwa thunthu pafupi ndi khungwa, motero mtengo ukhoza kubiriwira ndi kubereka bwino pamene m'kati mwake munawola kale kapena chiswe chinamaliza kudya. Komanso si mtengo uliwonse wopanda masamba umene wafa. Msangu umayoyola masamba m'dzinja, mitengo ina ili yobiriwira, ndipo kuudula poganiza kuti wauma ndi kutaya chonde cha m'munda mwanu. Mukakayikira, kandani khungwa la kanthambi ndi chikhadabo: pansi pake pakakhala pobiriwira ndi ponyowa, nthambiyo ili moyo.

Yambirani kuyang'ana patsinde. Bowa wolimba womera pathunthu kapena pamizu amasonyeza kuti m'kati mukuwola, ndipo amaonekera kuwolako kutafika kale patali. Onaninso tinjira tadothi ta chiswe tokwera mumtengo, mphako, ndi khungwa lomwe likusendeka lokha. Gogodani thunthu ndi kumbuyo kwa nkhwangwa kuzungulira ponse. Likamalira ngati ng'oma, dziwani kuti m'kati ndi mphako. Chizindikiro chomwe ine ndimachiopa kuposa zonse ndi mtengo umene wayamba kupendekeka posachedwa, nthaka ya mbali inayo n'kutukumuka kapena kung'ambika, chifukwa apo mizu yayamba kuzuka ndipo mtengowo suyenera kudikira sabata yamawa. Kumwamba fufuzani nthambi zouma ndi mng'alu pamphanda, makamaka pa bulugamu wamtali woyandikana ndi nyumba.

Zambiri mwa izi timaziyambitsa tokha. Kutentha zinyalala patsinde, kusenda makungwa a mankhwala kuzungulira thunthu lonse, ndiponso kudula mizu pokumba maziko kapena ngalande kumapha mtengo pang'onopang'ono, ndipo ngozi imadzabwera patapita zaka, onse ataiwala.

Mukapeza mtengo wokayikitsa, chotsani kaye zimene ungagwere: ana asasewerepo, ziweto zisamangidwepo, ndipo misonkhano ya mudzi isamukire pamthunzi wina. Ngati vuto lili pa nthambi imodzi, iduleni pafupi ndi thunthu koma osasenda khungwa lake. Ngati tsinde kapena mizu yawola, mtengo wonse uchoke. Dziwitsani amfumu a mudzi, kapena khonsolo ngati muli m'tauni, ndipo funsani ku ofesi ya zankhalango, popeza lamulo la nkhalango la 2015 limafuna chilolezo pa kudula mitengo m'malo ena. Mtengo woyandikira mawaya a magetsi musaukhudze konse. Itanani a ZESCO.

Kugwetsa mtengo wowola n'kovuta kuposa wamoyo, chifukwa umatha kuthyoka pamalo pomwe simunateme ndi kugwera mbali imene simunafune. Musaukwere, ndipo musausonkhere moto patsinde kuti ugwe wokha, pakuti palibe amadziwa ola limene udzagwe. Fufuzani kaye ngati mumphako muli njuchi. Sankhani tsiku lopanda mphepo, oonerera atalikire mtunda wowirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo, ndipo wodula akonzeretu njira yothawira cham'mbali chakumbuyo. Temani kaye mbali yomwe mukufuna kuti ugwere, kenaka mumalizire kumbuyo, pamwamba pang'ono pa pomwe munatema poyamba. Mtengo waukulu wapakati pa nyumba usiyireni munthu wozolowera ntchitoyi, amene amayamba ndi kutsitsa nthambi ndi zingwe asanafike pathunthu.