Kulemba nkhani tsiku ndi tsiku uli ku Kasungu kuno, zimatheka bwanji?

Choyamba iwalani zolemba masana. Masana kuno ndi a kumunda, a geni, a alendo obwera osaimba foni, ndiye ukati ukhale pansi ulembe wina wafika kale kudzabwereka khasu. Dzukani 4 koloko m'mawa anthu asanayambe kusesa, lembani ola limodzi basi, kaya zikukoma kaya sizikukoma. Nyengo ya fodya, pomwe nyumba yonse ili m'chigafa kusoka masamba mpaka usiku, olo mphindi 20 zokha zikwane.

Data ikhale yothimitsa polemba. Apa mpomwe ambiri amagwera, munthu wagula bandulo ya Airtel kaya TNM akuti ndikufufuza za nkhani yanga, kenako wapezeka ali pa Facebook kukangana za Bullets ndi Wanderers, bandulo yatha, chiganizo sichinalembedwe ndi chimodzi chomwe. Lembani mu notsi za mufoni kapena mu Google Docs, imalola kulemba popanda netiweki, data muyatse pomaliza potumiza. Komanso thimitsani ka autocorrect kaja, kamasandutsa Chichewa chanu kukhala Chingerezi chosamveka. Magetsi akangoyaka tchajani foni ndi pawabanki nthawi yomweyo, osati "nditchaja madzulo", madzulowo mupeza mdima. Kope ndi bolopeni zisachoke m'thumba.

Nanga zolembazo muzitenga kuti? Ili nde funso lenileni, ndipo ine ndimaona kuti olemba athu ambiri amalakwitsa pofuna kulemba za ku Lilongwe kapena ku Joni komwe sakukudziwa bwino, kusiya nkhani zili pakhomo. Pitani pa depoti mukhale ngati mukudikira minibasi ya ku Mzuzu, mumvere makondakitala ndi akabaza mmene akuyankhulira. Pitani ku chigayo. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma cha mu Epulo kakhaleni ndi alimi omwe akudikira mabelo awo, mumve za mitengo, za ngongole ya feteleza, za matenanti omwe sanalipidwe, za bambo uja anagulitsa fodya nkusowa sabata yathunthu kubwera ndi wailesi yokha. Kumalire ndi paki ya nyama ya Kasungu, cha ku Chulu uko, anthu ali ndi nkhani za njovu zomwe simungazipeke nokha olo mutakhala katswiri bwanji. Mawu awo muwalembe mmene awanenera, tsiku lomwelo, chifukwa mawa mudzakumbukira mfundo yokha, kakomedwe kake katapita. Mukafuna kujambula mawu pemphani kaye.

Koma maina sinthani, ndi mudzi womwe. Kuno anthu timadziwana, mukalemba za mphunzitsi wa ku Santhe wokonda kachasu, pofika Lamlungu mpingo wonse wadziwa kuti ndi ndani ndipo achibale ake akudziwa pomwe mumakhala. Za kudambwe nazonso muzidziwa polekezera, pali zina eni ake salola kuti zitulukire kunja.

Mukamaliza musatumize tsiku lomwelo. Igone. Mawa muiwerenge mokweza, kapena muwawerengere amayi anu ali pamkeka akusenda mtedza, pomwe anene kuti "ukuti chani pamenepo?" mpomwe pali vuto, nthawi zambiri mupeza kuti chiganizocho munachiganiza m'Chingerezi.

Zosunga musazengereze. Foni zimabedwa, zimagwera m'ndowa, zimangofa zokha. Nkhani iliyonse yomalizidwa dzitumizireni pa imelo, WhatsApp yokha musaidalire. Zimathandizanso wina akakuberani nkhani nkuikapo dzina lake, deti la imelo lija ndi umboni wanu, ndipo za umwini wa zolemba a COSOMA ndi omwe amayang'anira, kafunseni mmene mungalembetsere.

Za ndalama ndinene mosabisa: ganyu kapena munda wanu musausiye. Poyamba kulemba sikugula ndi sopo yemwe, bandulo izichokera ku soya.