Kamangidwe ka chipinda chosungiramo vinyo m'nyumba

Vinyo amasungika bwino pamalo ozizira madigiri 12 mpaka 14, pomwe chinyezi cha mumpweya chili pakati pa 60 ndi 70 peresenti. Kukatentha amakalamba msanga n'kusuluka. Mpweya ukauma kwambiri, cork yotsekera botolo imafota ndipo mpweya umalowa, pamene chinyezi chikapitirira mapepala a pa mabotolo amachita chuku. Zipinda zambiri zimaonongeka ndi madzi, choncho mmisiri ayambe waganizira za madzi asanagule makina aliwonse.

Sankhani malo otalikirana ndi khoma la kumadzulo, khitchini, giza ndi makina ochapira zovala omwe amagwedeza pansi. Kukumba pansi kumathandiza koma pakokha sikukwanira. Nthaka yakuya imasunga kutentha kofanana ndi avareji ya chaka chonse ya deralo, n'chifukwa chake mapanga osungiramo vinyo a ku Champagne ku France amazizira okha. Ku Cape Town avareji imeneyi ili cha m'ma 17, ku Lilongwe cha m'ma 20. Kumadera otere makina oziziritsira ndi osapeweka.

Musanathire konkire ya pansi, yalani DPM, pulasitiki yochindikala ma micron 250 (kota ya milimita), pamwamba pa mchenga wosalazidwa bwino kuti miyala isaiboole. Polumikiza, mapepala agundanizane mamilimita 200 kapena kuposera ndipo mumate ndi tepi. M'mphepete muipindire m'mwamba ikakumane ndi DPC, pulasitiki yoikidwa pakati pa mizere ya njerwa pamtunda wa mamilimita 150 kuchokera pa dothi la kunja. Ziwirizi zikapanda kukumana, madzi amakwera pampata womwewo ndipo pulasitala amayamba kutuwa ndi mchere n'kufumbutuka. Ngati khoma lili m'nthaka, lifunika tanking, kutanthauza kulimata phula kapena chinsalu cha phula kunja kwake, kenako kuika paipi yobooleza ya mamilimita 110 m'miyala ya kwale m'munsi mwa maziko kuti izitaya madzi kutali. Screed, matope a simenti osalazira pansi, imauma pafupifupi milimita imodzi patsiku. Ya mamilimita 40 muidikire masabata asanu ndi limodzi musanaike matailosi.

Pa vapour barrier, pulasitiki yotchinga nthunzi, ndi pamene amisiri aluso omwe amalakwitsa. Mpweya wotentha umanyamula nthunzi, ndipo ukagunda chinthu chozizira nthunziyo imasanduka madontho, monga limachitira thukuta botolo lochoka m'fuliji. Mpweya wa kunja umafunafuna njira yolowera m'chipinda chozizira. Ndiye pulasitiki yotchinga nthunzi, ya ma micron 150 kapena kuposera, iikidwe mbali yotentha ya insulation (zotchinga kutentha), osati mkati mwa chipinda. Kuchokera kunja kulowa mkati, pakhale khoma, pulasitiki, insulation, kenako bolodi lomalizira. Mukatembenuza, nthunzi imadutsa mu insulation n'kukasanduka madzi kuseri kwa pulasitiki komwe diso silifika. Matabwa amaola mwakachetechete, ndipo pomwe fungo la chuku lizimveka mumakhala kuti mugumula khoma lonse. Pulasitiki izungulire makoma onse anayi ndi siling'i popanda mpata, ndipo bowo lililonse la waya wa magetsi kapena paipi litsekedwe ndi tepi kapena silikoni.

Pa insulation gwiritsani ntchito mabolodi olimba a thovu otchedwa XPS kapena PIR, mamilimita 75 mpaka 100 m'makoma ndi ochindikala kuposa apo ku siling'i, poti kutentha kwambiri kumatsikira kumeneko. Thovu lopopera la closed-cell, lomwe timabowo take ndi totsekeka, limagwira ntchito ziwiri, kutchinga kutentha ndi nthunzi, koma n'lodula. Samalani ndi thermal bridge, malo amene chitsulo kapena konkire yadutsa mu insulation n'kulowetsa kutentha. Mudzaizindikira ndi kamzere konyowa pakhoma potsatira mtanda. Malizani ndi bolodi losamva chinyezi ndi penti wosungunulira madzi, chifukwa fungo la penti wamafuta limakhalitsa m'chipinda chotseka.

Chitseko chikhale cholimba ngati cha panja, cha mamilimita 44, chokhala ndi labala m'mbali zonse ndi chotchinga pansi. Chikakhala cha galasi, likhale la magalasi awiri. Panani pepala pachitseko n'kulikoka: likasololoka mosavuta, mpweya ukudutsa. Mababu akhale a LED.

Makina wamba oziziritsira m'nyumba satsika mokwanira ndipo amaumitsa mpweya. Gulani cooling unit yopangidwira vinyo, yolingana ndi kukula kwa chipinda, ndipo mbali yake yotulutsa kutentha iloze malo opita mphepo. Kapaipi kotaya madzi ake katsetsereke mpaka kunja. Iyatseni masiku angapo chipinda chili chopanda kanthu, mukuwerenga kutentha ndi chinyezi m'mawa ndi madzulo.

Mabotolo amagona chammbali kuti cork izikhala yonyowa. Botolo la mamililita 750 limafuna kabowo ka mamilimita pafupifupi 95 m'lifupi ndi 320 kuya, kuti mabotolo onenepa a vinyo wa ku Burgundy ku France alowenso. Lodzaza limalemera makilogalamu 1.2 mpaka 1.5, ndiye mabotolo 500 akhoza kufika makilogalamu 750. Mashelefu aime pansi polimba ndipo amangiriridwe ku matabwa omwe munaika pasadakhale kutsogolo kwa insulation, kuti sikuluwu isaboole pulasitiki.