Makapisozi Sachiza Zoyera za M'kamwa mwa Mwana

M'nyengo yozizira ino, pamene chifuwa ndi chimfine zafala, ndaona kusikelo ana ambiri okhala ndi zoyera zonga chambiko palilime ndi m'masaya, ndipo pafupifupi onse anali atamwetsedwa kale makapisozi a amoxicillin ogula pagolosale. Chondipweteka mtima n'chakuti zoyerazo zikaoneka, makolo amathamangiranso kukagula makapisozi omwewo, poganiza kuti oyamba aja anachepa mphamvu.

Zoyerazi zimayamba ndi fangasi (kachilombo ka gulu la yisiti ndi nkhungu) wotchedwa Candida albicans, amene amakhala m'kamwa mwa anthu ambiri osavutitsa chifukwa mabakiteriya a m'kamwamo amamupanikiza. Amoxicillin amaphwanya khoma la bakiteriya, koma fangasiyu alibe khoma la mtundu umenewo, choncho mankhwalawo amapha alonda n'kumusiya akuswana mwaufulu. Mwana amamva kuwawa, amakana bere, sikelo imatsika, ndipo kawirikawiri nsonga za mabere a mayi nazonso zimagwidwa n'kuyamba kupweteka. Ndalama zatha, matenda akula. Kodi chizolowezi chothira makapisozi pa nthenda iliyonse tidzachisiya liti?

Bambo wina wolima tomato kudimba anabwera ndi mdzukulu wake ali chonchi. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, tomato wanu akagwidwa chiwawu, mumapopera mankhwala a mbozi?" Anayankha msanga kuti ayi, chiwawu chimafuna Dithane, ndipo wopopera cypermethrin angotaya ndalama. Atanena zimenezi anakhala chete kanthawi akuyang'ana mwanayo, pakuti chiwawu cha tomato ndi zoyera za m'kamwa zonse zili ndi mankhwala akeake.

Nembanemba yokuta selo ya fangasi ili ndi mafuta otchedwa ergosterol, amene maselo a munthu alibe. Nystatin, mankhwala opha fangasi amene anatulukiridwa mu 1950 ku New York ndi Elizabeth Hazen ndi Rachel Brown, amamatirira pa mafuta amenewa n'kuboola timabowo, zam'kati mwa selo n'kutayika mpaka fangasiyo kufa. Mankhwalawa salowa m'magazi, amagwira ntchito pokhapo pamene akhudza, n'chifukwa chake ayenera kukhalitsa m'kamwa. Fluconazole, mankhwala ena a fangasi, amalowa m'magazi n'kuletsa fangasi kupanga ergosterol, motero amaleka kuswana.

Pitani naye mwana kuchipatala. Mukapatsidwa nystatin, mudonthezereni mbali zonse ziwiri za m'kamwa kanayi patsiku akatha kuyamwa, ndipo mupitirize masiku awiri zoyerazo zitatha. Musapale lilime ndi nsalu. Mayi amene mabere akupweteka anene kuti athandizidwe limodzi ndi mwana. Wamkulu akaona zoyerazi popanda chifukwa chodziwika akayezetse HIV ndi shuga, ndipo ngati akumva kuwawa pomeza afulumire, chifukwa fangasi akafika kummero pamafunika fluconazole.