Mmene ndinathanirana ndi vuto losowa tulo

Kwa miyezi ingapo ndinkadzuka mutu ukulemera, kuntchito kumangoyasamula, kukwiya ndi tizinthu tating'onoting'ono. Vuto linali foni, ndinkalowa nayo m'bulangete kumangoona ma status pa WhatsApp ndi Facebook mpaka 1 koloko usiku, ndipo kuwala kwa sikirini kuja kumathamangitsa tulo ndithu. Ndiye ndinayamba kuitchajira pabalaza, 9 koloko ikangokwana basi imagona konko, za alamu ndinagula kawotchi kotchipa kumsika. Tiyi wamadzulo ndinasiyanso poti ali ndi caffeine, ndimangomwa madzi ofunda. Sabata yoyamba inandivuta zedi, dzanja limangofufuza pansi pa pilo popanda kanthu. Pano ndimadzuka 5 koloko thupi lili lopepuka, ndimayenda wapansi mphindi 30 dzuwa lisanatenthe, ndipo ana akuti adadi masiku ano akumaseka.